Masamu amene adaumba makoma a sukulu ku Salima

M'boma la Salima mudamangidwa sukulu imene makoma ake sadawakidwe ndi njerwa. Kampani ya 14Trees idagwiritsa ntchito makina otchedwa 3D printer, ndipo makomawo adatha m'maola 18 okha. Ana adayamba kuphunziramo mu June chaka cha 2021. Ambiri adatama makinawo, koma mwini ntchito weniweni adali geometry, nthambi ya masamu yokhudza mizere, ngodya ndi miyeso ya zinthu.

Makina otere alibe maso, ndipo khoma salidziwa. Katswiri amayamba wajambula nyumba yonse pa kompyuta. Kenako kompyutayo imadula chithunzicho m'magawo opyapyala osanjikizana, kuchokera pansi kufika pamwamba, ndipo gawo lililonse limasanduka njira yoti mpopi wa makina udutsemo uku ukulavula simenti yosakaniza. Malo alionse pa njirayo amadziwika ndi manambala atatu: wa m'litali, wa m'lifupi ndi wa msinkhu. Mpopi ukamaliza kuzungulira, umakwera pang'ono n'kuyambanso. Miyeso yomweyo ndi imene imathandiza kuwerengeratu kuchuluka kwa simenti ntchito isadayambe, motero zipangizo sizionongeka chisawawa.

Nzeru imeneyi si yachilendo kwa amisiri athu. Mmisiri akamakhoma zikhomo ndi kukoka chingwe pokonza maziko, amayeza mamita atatu mbali imodzi ndi mamita anayi mbali inayo. Ngati pakati pa nsonga ziwirizo pali mamita asanu, ngodyayo ili pa sikweya. Lamuloli limadziwika ndi dzina la Pythagoras, ndipo kompyuta imatsata lomwelo poyeza mtunda wa pakati pa malo awiri. Kusiyana kwake n'kwakuti makina sakayika: nambala ikalakwika pa pulani, amabwereza cholakwacho kuyambira mzere woyamba mpaka womaliza. N'chifukwa chake ngakhale pa zomanga zamakono zotere, maziko, denga, zitseko ndi mawindo zimadalirabe anthu odziwa kuyeza.

Apa pali phunziro kwa mamembala a ma VDC ndi ma ADC amene amayang'anira zitukuko m'madera mwathu. Maziko akapotoka, malata sakumana bwino ndi makoma, zitseko zimavuta kutseka, ndipo ndalama za chitukuko zimathera kukonza zolakwika. Musadikire kuti khoma lifike pa mawindo. Pemphani kuona pulani tsiku loyala maziko, ndipo tengani tepi yoyezera. Chipinda cha mamita 8 m'litali ndi mamita 6 m'lifupi chiyenera kukwana mamita 10 mukayeza mopingasa kuchokera pa ngodya ina kufika pa ngodya yoyang'anana nayo, ndipo miyeso iwiri yopingasayo iyenera kufanana. Ikasiyana, uzani kontirakitala ndi ofesi ya zomangamanga ku khonsolo konkire asadathiridwe.

Makolo nawonso alimbikitse ana pa phunziro la masamu, pakuti wodzajambula pulani pa kompyuta mawa ndi mwana amene akuphunzira kuyeza ngodya lero.