Mimba yopota Lolemba m'mawa

Mwana wadzuka akulira kuti m'mimba mukupota. Mayi ake athamangira naye kuchipatala, amubaya chala, malungo palibe. Loweruka anachezera mpira wachikulunga mpaka dzuwa kulowa, koma lero Lolemba mimba yabwerera. Bambo ake agamula mlandu: ulesi basi.

Kawirikawiri mwana wotere sakunama. Munthu akachita mantha thupi limatulutsa adrenaline, mtima umathamanga, magazi ambiri amachoka m'matumbo kupita kuminofu kuti athawe, ndipo m'mimba mumapotadi. Thupi silisiyanitsa galu wolusa ndi mayeso a Sitandade 8, amene mwana wakhala akuuzidwa chaka chonse kuti akapanda kusankhidwa kupita kusekondale zake zada. Wamkulu amatha kunena kuti akuganiza kwambiri. Wa zaka 12 amangogwira pamimba, kapena kuyambiranso kukodza pamphasa.

Mantha ena ali ndi tsiku lomwe anayambira. Mwana amene anaona matope a m'phiri la Soche akukokolola nyumba ku Chilobwe, namondwe Freddy atagwa mu Marichi 2023, angathe kunjenjemera mvula ikangoyamba kugogoda pamalata.

Chikwapu sichichotsa nkhawa, koma chifundo nachonso chimanamiza. Mukamulola kujomba, mtima wake umakhala pansi tsiku limenelo, ndiye amaphunzirapo kuti kuthawa ndiye mankhwala. Lolemba linalo mantha amabwera atakula. Bwino kumuperekeza mpaka pakhomo la kalasi, kupuma naye limodzi pang'onopang'ono, ndi kuwatsina khutu aphunzitsi.

Koma yambani mwafunsa. Ana athu tinawaphunzitsa tokha kuti wamkulu sayang'anidwa m'maso, ndiye kumukhazika pampando ngati ali pabwalo la milandu n'kutaya nthawi. Mufunseni mukusankha naye nyemba kapena mukupita kuchigayo: “Mwanawe, kusukulu chimakuopsa kwambiri n'chiyani?” Mwina atchula masamu. Mwina atchula mnzake womulanda kamba, kapena wamkulu womugwira mosayenera, ndipo imeneyo ndi nkhani yothamanga nayo lero lomwe.

Masabata akamadutsa mwana osagona, osadya, kapena akayamba kutchula zodzipha, pitani kuchipatala cha boma mukafunse wothandiza matenda a maganizo. Achipatala cha St John of God, othandiza matenda a maganizo, ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndipo nambala ya foni yothandiza ana ya 116 ndi yaulere, mwana mwiniwake angathe kuyimba.