Malupanga a ku Philippines: dzina palokha silikwanira

MANILA – Dziko la Philippines lili ndi zilumba zoposa 7,000 komanso zilankhulo zoposa 100, zomwe zimachititsa kuti kuzindikira mipeni ndi malupanga a makolo a m'dzikolo kukhale kovuta. Chida chimodzi chimatha kukhala ndi mayina angapo, ndipo dzina limodzi limatha kuimira zida zosiyana kotheratu.

Chitsanzo ndi mawu oti sundang. M'chilankhulo cha Cebuano mawuwa amatanthauza chikwanje cha kumunda, chomwe olankhula Tagalog amachitcha itak ndipo alendo amangoti bolo. Koma kwa anthu a mtundu wa Maguindanao, pachilumba cha Mindanao, sundang ndi lupanga la kris, lomwe a mtundu wa Tausug ku Sulu amalitcha kalis. Choncho amene wangomva dzinali sangadziwe ngati akunena chida cha mlimi kapena cha msilikali.

N'chifukwa chake odziwa za zidazi amayamba aona kaumbidwe ka chitsulo ndi kasemedwe ka chogwirira. Kris ndi lakuthwa konsekonse, lowongoka kapena lokhotakhota ngati njoka. Ndi lapachibale ndi keris wa ku Java, koma wa ku Java ndi wamfupi, wobayira, pamene la ku Philippines ndi lalitali, lolemera, lotemera. Barong wa ku Sulu savuta: ndi wamfupi, wokhuthala, wooneka ngati tsamba.

Kampilan ndi lupanga lotalika pafupifupi mita imodzi, lotambalala chakunsonga, ndipo chogwirira chake chimasemedwa ngati kukamwa koyasama kwa ng'ona. Anthu ambiri amati ndilo linatema Ferdinand Magellan pa nkhondo ya ku Mactan pa 27 April 1521. Komabe Antonio Pigafetta, yemwe analipo pa nkhondoyo, pofotokoza za imfayo anangotchula lupanga lalikulu. Zoti linali kampilan ndi maganizo a anthu a m'mbuyo muno, ngakhale kuti n'zotheka ndithu.

Mayina ena amadziulula okha. Panabas, chida cha mpini wautali, amachokera ku mawu oti tabas, kutanthauza kudula. Balisong, mpeni wopinda womwe chitsulo chake chimabisala pakati pa zogwirira ziwiri, uli ndi dzina lofanana ndi la mudzi wina wa m'tauni ya Taal, m'chigawo cha Batangas, komwe amisiri osula zitsulo anatchuka nawo.