MPIRA WASINTHA KATATU M'MALAWI: KODI WOSEWERA ALI M'MANJA MWA YANI?

Msika wa fodya ukatha, mabwalo a sukulu a ku Chisepo, kwa Mfumu Kayembe m'boma la Dowa, amadzaza ndi anthu Loweruka ndi Lamulungu. Chimodzimodzinso ku Madisi, ku Mponela ndi ku Malomo m'boma la Ntchisi. Matimu amabwera pa njinga kapena pa lole ya munthu wachifundo, mizere ya bwalo amailemba ndi phulusa, ndipo kawirikawiri woyimbira mpira amakhala mphunzitsi wa pa sukulu pomwepo. Akuluakulu oonerera amakonda kunena kuti mpira wa lero sulingana ndi wakale, ndipo akunena zoona. Koma kusintha kwakukulu sikuoneka pa bwalo ayi. Kuli pa funso lakuti amene amadyetsa wosewera ndani, ndipo ndani ali ndi mphamvu yomusunga kapena kumugulitsa.

Chitsanzo cha ku America

Funso limeneli linayamba kuvuta kalekale ku America, m'masewero a baseball, omenya kampira kachikopa ndi ndodo, amene m'dziko muno sadziwika kwenikweni. Mbiri yake ndi yoyenera kuidziwa, pakuti njira imene anthu a kumeneko anayenda m'zaka zana, mpira wa kuno waiyenda m'zaka zochepa.

M'chaka cha 1869 timu ya Cincinnati Red Stockings inayamba kulipira osewera ake onse poyera. Patangopita zaka khumi, mu 1879, eni matimu anapangana lamulo lomanga wosewera ku timu imodzi, kotero kuti ngakhale mgwirizano wake utatha, sakanatha kupita kwina mwini timu asanalole. Anthu akuda sankaloledwa m'maligi aakulu, choncho mu 1920 anakhazikitsa ligi yawoyawo motsogozedwa ndi a Rube Foster. Mpanda wa tsankhowo unagwa pa 15 April 1947, tsiku limene a Jackie Robinson anasewerera koyamba timu ya Brooklyn Dodgers. Dziko lonse linatama tsikulo, ndipo linayeneradi kutamidwa. Komatu timu ya anthu akuda ya Kansas City Monarchs, kumene a Robinson ankasewera, sinalandire ndalama ngakhale imodzi, ndipo osewera abwino atatengedwa mmodzimmodzi, maligi a anthu akuda anafota mpaka kutha.

Lamulo lomanga osewera linakhalapobe mpaka a Curt Flood anakana kugulitsidwa mu 1969. Mlandu wawo unawagwera ku khoti lalikulu mu 1972, koma mu 1975 woweruza wina wa nkhani za ntchito anamasula osewera awiri, ndipo khomo linatseguka kwa onse. Zotsatira zake ndi zimene zinaoneka mu December 2023, pamene a Shohei Ohtani a ku Japan anasaina mgwirizano wa madola 700 miliyoni wa zaka khumi ndi timu yomweyo ya Dodgers, imene inasamukira ku Los Angeles.

Nyengo ya sukulu ndi tsankho

Mpira wamiyendo unalowa mu Nyasaland ndi amishoni pamodzi ndi Azungu a Boma ndi a malonda, ndipo unafala kudzera m'masukulu. Ku Dowa, kumene mishoni ya Mvera inakhazikika mu 1889 ndi ya Kongwe mu 1894, sukulu ndiyo inali khomo lolowera zinthu zatsopano, ndipo mpaka lero bwalo la mpira la m'mudzi limapezeka kuseri kwa kalasi. Wosewera wa nthawi imeneyo analibe malipiro, ndipo ambiri analibe ndi nsapato zomwe. Monga ku America, Azungu anali ndi bungwe lawo la mpira, anthu akuda nalonso lawo.

Kuchepa mphamvu kwa mpira wa nyengo imeneyo kunaonekera pamene alendo anayamba kubwera. Mu 1957 Northern Rhodesia inagonjetsa Nyasaland ndi zigoli 5 kwa 0, ndipo mu October 1962 Ghana inamwetsa zigoli 12 popanda kubweza ngakhale chimodzi.

Nyengo ya kampani ndi Boma

Dziko litalandira ufulu mu 1964, bungwe la Football Association of Malawi linakhazikitsidwa mu 1966, bwalo la Rangeley ku Blantyre linakhala Kamuzu Stadium, ndipo mpira unapeza mwini watsopano, ndiye bwana wa pa ntchito. Maina a matimu amafotokoza okha nkhani yonse. Bullets, imene inayamba mu 1967 ndi osewera ochoka ku Wanderers, inatenga dzina la kampani ya nsapato ya Bata. Wanderers, ya mu 1962, inadziwika ndi dzina la Yamaha, pambuyo pake Limbe Leaf, kampani yogula fodya wonga amene amalimidwa ku Dowa. Panali ADMARC Tigers, MDC United, Sucoma ya ku Nchalo, Silver Strikers ya Reserve Bank imene inayamba mu 1977, ndi Civo United ya ogwira ntchito m'Boma. Asilikali anali ndi Red Lions, apolisi Blue Eagles.

Kayendetsedwe kake kanali kotere. Mnyamata waluso akaonekera ku sukulu, timu inkamupezera ntchito ya ukalaliki, ya m'sitolo kapena ya m'fakitale. M'mawa ankakhala pa ntchito, madzulo ankapita kokonzekera masewero, ndipo malipiro ake a pa mwezi ankachokera ku ofesi, osati ku mpira. Mwendo ukathyoka, ntchito inkatsala. Ukalamba ukafika, munthu ankavula yunifolomu n'kupitiriza kulemba m'mabuku a kampani. Mwa dzina sanali wosewera waganyu, koma anali ndi chitetezo chimene osewera ambiri olembedwa ndi mgwirizano alibe lero.

Ndiponso nyengo imeneyi ndiyo inabala zipatso zimene akuluakulu aja amazikumbuka. Pansi pa mphunzitsi Ted Powell, Malawi inatenga chikho cha maiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa mu 1978, itagonjetsa Zambia pakhomo, n'kuchitenganso ku Kenya mu 1979. Mu 1984 inafika koyamba ku mpikisano wa maiko a mu Africa ku Ivory Coast, mu 1987 inatenga mendulo ya malo achitatu ku masewero a ku Nairobi, ndipo mu 1988 chikho chija chinabweranso. Ligi ya dziko lonse, Super League, inayamba mu 1986. Anthu a ku Chisepo masewero amenewa ankawamvera pa wailesi ya MBC, atazungulira kawailesi kamodzi pa khonde la golosale, ndipo maina a Kinnah Phiri, Jack Chamangwana ndi Young Chimodzi ankadziwika kwa ana amene sanapondepo ku Blantyre.

Koma chitetezo chimenechi chinali ndi chingwe chake. A Kinnah Phiri, amene anamwetsera dziko lino zigoli 71, anafunidwa ndi timu ya Sharjah ya ku Arabia, koma sanaloledwe kupita, ndipo pambuyo pake anakasewera ku Swaziland. Ena analowera ku South Africa, monga a Ernest Mtawali amene anatchuka ku Bloemfontein Celtic ndi dzina la Chirwali. Popeza dzikolo linali litachotsedwa mu FIFA kuyambira 1976 mpaka 1992, wopita kumeneko ankatuluka m'malamulo a mpira, ndipo timu imene inamulera inalibe bwalo lokadandaulako. Apa mpamene nkhani ya Kansas City Monarchs inachitikanso kwa Amalawi.

Nyengo ya msika

Kuyambira pakati pa zaka za m'ma 1990 makampani ambiri a Boma anagulitsidwa kapena kutsekedwa, ndipo otsalawo anayamba kuwerenga bwino ndalama zawo. Chinthu choyamba kudulidwa chinali mpira. MDC United, imene inatengapo ligi mu 1988, inazimirira. ESCOM United inatenga ligi kawiri, koma lero dzina lake silimveka m'ligi yaikulu. Bullets inasintha maina monga munthu wosintha malaya: Bata, Total, Bakili, Nyasa. Pamene inali Bakili Bullets mu 2004, ndalama zilipo, inatulutsa Orlando Pirates n'kufika m'magulu a mpikisano wa akatswiri a mu Africa. Ndalamazo zitaphwa, inagwa m'ngongole kwa zaka zingapo. Matimu amene anaima nji ndi okhawo amene mwini wake sanasinthe, ndiwo a asilikali, apolisi, a banki yaikulu ndi a Boma. N'chifukwa chake sizinadabwitse odziwa mpira pamene Kamuzu Barracks inatenga ligi mu 2016.

M'malo mwa bwana wa pa ntchito munalowa wothandiza wofuna kutsatsa malonda ake. Kampani ya TNM inayamba kuthandiza ligi mu 2007 ndipo inapitiriza kwa zaka zoposa khumi ndi zisanu. Boma nalo linachita mbali yake pomanga Bingu National Stadium ku Lilongwe, imene inatsegulidwa mu 2017. Wosewera tsopano amasaina mgwirizano wa zaka ziwiri kapena zitatu, ukatha ali mfulu kupita kumene afuna, monga zakhalira ku Ulaya chigamulireni mlandu wa a Jean-Marc Bosman mu 1995. Chigoli cha a Gabadinho Mhango chomenyedwa patali polimbana ndi Morocco mu January 2022 chinaonedwa pa kanema dziko lonse lapansi. A Temwa Chawinga a ku Rumphi anamwetsa zigoli 20 m'ligi ya amayi ya ku America mu 2024 ndipo anasankhidwa kukhala wosewera woposa onse. Mwana wa ku mudzi tsono angathe kufika kumene a Kinnah Phiri anakanizidwa. Koma wosewera wamba amene mwendo wake wathyoka ali ndi zaka 26, mgwirizano utatha, alibe desiki yobwererapo.

Gawo la amene analera

Pali chinthu chimodzi m'nyengo yatsopanoyi chimene sichinalipo kale, ndipo chikukhudza aphunzitsi ndi ogwira ntchito za masewero m'maboma koposa wina aliyense. Kuyambira mu 2001, malamulo a FIFA amati wosewera akagulitsidwa kuchoka m'dziko lina kupita m'dziko lina mgwirizano wake usanathe, magawo asanu pa zana lililonse a mtengo wake azigawidwa kwa matimu onse amene anamulera kuyambira chaka chimene anakwanitsa zaka 12 mpaka 23. Pa chaka chilichonse cha zaka 12 mpaka 15, timu imalandira kota ya gawo limodzi pa zana, ndipo pa zaka 16 mpaka 23 imalandira theka la gawo limodzi. Mwachitsanzo, wosewera atagulidwa ndi madola 1 miliyoni, timu imene inamusunga zaka zinayi zoyambazo iyenera kulandira madola 10,000. Ndipo ndalamayi imabwera nthawi iliyonse imene wosewerayo wagulitsidwanso kunja. Kwa timu yosewera ndi mpira umodzi wosokasoka, zimenezi ndi chuma ndithu.

Tsono vuto lili apa. FIFA siifunsa kuti anamuphunzitsa kumenya mpira ndani, imayang'ana m'kaundula. Chiyambireni mu 2022, ofesi yake yogawa ndalama zimenezi imatsata mbiri ya wosewera yolembedwa pa kompyuta, ndipo chaka chimene sichinalembedwe chili ngati sichinakhaleko. Timu iyenera kukhala yolembetsedwa ku bungwe la mpira, ndipo mwanayo ayenera kulembedwa m'dzina la timuyo chaka ndi chaka. Mipikisano ya bonanza imene aphungu ndi amalonda amakonza m'midzi imasangalatsa anthu ndipo imagawa mayunifolomu, koma yambiri sisiya dzina la mwana m'buku lililonse lodziwika ku bungwe. Choncho mnyamata wa ku Chisepo amene walera mphunzitsi wa pulaimale kwa zaka zinayi, akatengedwa ndi timu ya ku Lilongwe ali ndi zaka 17, mbiri yake imayambira ku Lilongwe, ndipo gawo la kwawo limatayika.

Nkhani ya zaka za kubadwa nayo ili pomwepo. Chizolowezi chochepetsa zaka za osewera kuti alowe m'mipikisano ya ana, chimene aphunzitsi ena amachiyesa chabe kuchenjera, chimasokoneza kawerengedwe konse, pakuti gawo la timu limawerengedwa pa zaka. Boma linathandizapo pokhazikitsa lamulo la kalembera wa anthu mu 2010, limene linayamba kugwira ntchito mu 2015, kotero kuti kulembetsa mwana wobadwa ndi lamulo tsopano. Kaundula wa sukulu nayenso ndi umboni, ngati mphunzitsi wamkulu amusunga bwino osalola chiswe kumudya.

Zofunika si zambiri: timu ya ana yokhala ndi dzina ndi komiti, yolembetsedwa kudzera ku komiti ya mpira ya boma la Dowa kapena la Ntchisi pansi pa bungwe la mpira la Chigawo cha Pakati, chiphaso cha kubadwa cha mwana aliyense, ndi munthu mmodzi wosatopa kulemba maina chaka chikayamba. Sukulu payokha FIFA siiwerenga ngati timu, koma palibe choletsa timu yolembetsedwa kukhala pa bwalo la sukulu, mlembi wake n'kukhala mphunzitsi yemweyo amene amayimbira mpira Loweruka.