Kope la kwa ejenti nalo lili ndi lamulo

Mukapita kukatapa ndalama za pa foni kwa ejenti, tayang'anani kope limene lili pa kauntala. Mzere uliwonse uli ndi dzina, nambala ya foni, ndalama zimene munthu watapa ndi siginecha yake. Ena amalembamonso nambala ya chiphaso cha unzika. Kopelo limakhala lotsegula tsiku lonse, ndipo amene waima kumbuyo kwanu amatha kuwerenga bwinobwino kuti mwatenga zingati. Mawa lake ukafika uthenga wokutchulani dzina lenileni, wonena kuti mwawina mphoto koma muyambe mwatumiza kangachepe, mumadabwa kuti akudziwani bwanji.

Ntchito yanga ngati loya ili pa zinthu zoterezi. Anthu ambiri amaganiza kuti malamulo oteteza mbiri ya munthu ndi a anthu okhala ndi zobisa. Ayi. Dzina lanu si chinsinsi, nambala yanu munaipereka nokha. Funso limene lamulo limafunsa ndi lakuti: munaipereka kuti igwire ntchito yanji, nanga amene anailandirayo waigwiritsa ntchito yomweyo?

Ufulu umenewu si wachilendo. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa kusecha munthu kapena nyumba yake mwachisawawa, komanso kulowerera m'makalata ndi m'mafoni ake. Koma zinthu zinasintha kwambiri titalembetsa ziphaso za unzika ku NRB mu 2017, pomwe tinasiya zithunzi ndi zidindo za zala, kenaka n'kulumikiza ma SIM card athu ku mayina athu mu 2018. Lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security linangokhudzako pang'ono. Lamulo lenileni la nkhaniyi, Data Protection Act, linayamba kugwira ntchito mu 2024, anzathu a ku Zambia atakhazikitsa kale lawo mu 2021.

Mwachidule, banki, chipatala, sukulu, kampani ya mafoni kapena ofesi ya boma imene ikusunga mbiri yanu iyenera kukhala ndi chifukwa chovomerezeka, itenge zokhazo zimene zikufunika, izisunge motetezeka, ndipo isazisunge mpaka kalekale. Inu muli ndi ufulu wofunsa kuti akusunga chiyani za inu, wouza kuti akonze zolakwika, ngakhalenso wopempha kuti afufute pamene palibe chifukwa chozisungira. Za matenda, zidindo za zala, chipembedzo ndi mtundu wa munthu zimatetezedwa koposa, chifukwa zikatuluka munthu akhoza kuchotsedwa ntchito kapena kusalidwa pamudzi.

Pamene pamandivuta kwambiri kufotokozera anthu ndi pa chilolezo. Munthu wapanikizika, fizi ya mwana yasowa, watsitsa app ya ngongole za katapila. App ija ikupempha kuti ione manambala onse a m'foni, iye n'kudina "Allow" osawerenga. Akachedwa kubweza, apongozi, abusa ndi abwana ake akulandira uthenga woti m'bale wawo ndi wakuba. Obwereketsawo amati, "Anavomera yekha." Kwa ine chimenecho si chilolezo. Munthu ayenera kudziwa chimene akuvomera, ndipo ali ndi ufulu wosintha maganizo. Kuonjezera apo, apongozi aja sanavomere kalikonse, chonsecho nambala yawo nayonso ndi mbiri ya munthu.

Musaope, lamuloli silikulondani inu mukamasunga manambala a abale m'foni mwanu, zapakhomo silizikhudza. Likulonda amene amatolera mbiri ya anthu pa ntchito kapena pa malonda.

Madandaulo amapita ku MACRA, bungwe limene linapatsidwa udindo woyang'anira lamuloli. Apa ndili ndi nkhawa yanga: MACRA ili kale ndi mtolo wa mawayilesi, mafoni ndi intaneti, ndipo wotolera mbiri ya anthu wamkulu kuposa onse m'dziko muno ndi boma lenilenilo. Ku Ulaya lamulo lawo la GDPR, limene linayamba mu 2018, limaopedwa chifukwa chindapusa chimatha kufika 4 peresenti ya ndalama zonse zimene kampani yapeza pa chaka. Kuno tidzadziwa mphamvu ya lathuli tsiku limene ofesi ya boma idzayankhe mlandu wotaya mbiri ya anthu.

Pakadali pano, mukamapereka fotokope ya chiphaso chanu, lembani pamwamba pake ndi bolopeni tsiku, dzina la amene mukumupatsa ndi chifukwa chake. Ndipo mukafuna kudziwa zimene kampani ikusunga za inu, lembani kalata, mudinditse ina yotsala nayo, chifukwa mukadzadandaula ku MACRA idzakhala umboni woti munayamba mwafunsa.