Nyumba yatentha? Tchingani dzuwa lisanafike pagalasi la windo

M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, nyumba zambiri zimasanduka ng'anjo. Ku Nsanje ndi ku Chikwawa kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo nthambi yoona zanyengo imakhala ikuchenjeza anthu. Ambiri timaloza chala malata, ndipo sitilakwitsa. Koma kutentha kumalowanso pawindo lagalasi, ndipo apa pokha mutha kupatchinga lero lomwe, ngakhale ndi mphasa.

Galasi limatani?

Kuwala kwa dzuwa kumadutsa galasi mosavuta. Kukalowa, kumatenthetsa simenti, makoma, mipando ndi zofunda. Zinthuzi zimayamba kutulutsa kutentha, koma galasi lija silikulola kutulukanso mosavuta. N'chifukwa chake galimoto yoimikidwa padzuwa, mawindo ali otseka, imatentha kuposa panja. Ku Britain, nyumba zina zili ndi chipinda cha magalasi okhaokha chotchedwa conservatory, ndipo m'chilimwe eni ake amachitchinga ndi ma blinds kuti chikhalike. Khonde lotsekedwa ndi magalasi, monga timaonera m'nyumba zina za m'tauni, lili ndi vuto lomweli.

Mawindo ake ati?

Kumapeto kwa Okutobala ndi kumayambiriro kwa Novembala, dzuwa la masana limadutsa pamutu penipeni kuno ku Malawi, choncho nthawi imeneyo limawomba denga. Mawindo amalandira dzuwa lambiri likapendeka: akum'mawa m'mamawa, akumadzulo kuyambira cha m'ma 2 koloko masana. Ovuta kwambiri ndi akumadzulo, chifukwa dzuwa limawapeza nyumba itatentha kale. Ngati chipinda chogona chili mbali imeneyo, yambirani kumeneko.

Kutchinga kunja kumaposa kutchinga mkati

Katani ili mkati imakumana ndi dzuwa litadutsa kale galasi. Nsaluyo imatentha, ndipo kutenthako kumatsala m'chipinda momwemo. Chotchinga cha kunja chimaletsa dzuwa lisanakhudze galasi n'komwe.

Pachikani mphasa kapena mkeka kunja kwa windo, kusiya mpata pang'ono kuti mpweya uzidutsa. Khonde lalitali ndi mtengo wamthunzi kumadzulo kwa nyumba zimagwira ntchito yomweyi.

Ngati muli ndi makatani kapena ma blinds okha, sankhani oyera kapena owala, chifukwa amabweza kuwala kwina kunja. Nsalu yakuda imamwa kutentha. Atsekeni dzuwa lisanafike pawindopo, osadikira kuti chipinda chitenthe kaye.

Titseke mawindo kapena titsekule?

Zimatengera nyumba. Ngati ili ndi siling'i ndipo mkati mukuzizirirako kuyerekeza ndi panja, tsekani mawindo masana kuti mphepo yotentha isalowe. Koma nyumba ya malata yopanda siling'i nthawi zambiri imatentha kuposa panja. Pamenepo tchingani dzuwa, koma mawindo a mbali yamthunzi akhale otsekula kuti mpweya uziyenda.

Dzuwa likalowa, kokerani makatani pambali ndi kutsekula mawindo a mbali ziwiri zoyang'anizana kuti kutentha kutuluke. Musaiwale udzudzu: gonani mu neti usiku uliwonse, ngakhale kutenthe bwanji, ndipo ngati mungathe ikani waya wa sefa pamawindo.

Zikukhudza bwanji thanzi?

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti chipinda chisapitirire madigiri 32 masana ndi 24 usiku. Thupi limadziziziritsa potulutsa thukuta ndi potumiza magazi ambiri pakhungu, zomwe zimachititsa mtima kugwira ntchito yaikulu. Usiku ukakhalanso wotentha, thupi silipeza mpata wopuma.

Omwe ali pachiopsezo chachikulu ndi makanda, okalamba, amayi oyembekezera, komanso odwala mtima, impso, shuga ndi BP. Ambiri mwa iwo ndi amene amaswera m'nyumba, ndipo ena sangathe kudzichotsa okha pamalo otentha. Agonekeni m'chipinda chozizirirako, kutali ndi windo lowombedwa ndi dzuwa, ndipo muziwapatsa madzi pafupipafupi, osadikira ludzu. Khanda losakwana miyezi 6 lisapatsidwe madzi, lingoyamwitsidwa kawirikawiri. Mwana asasiyidwe m'galimoto yoima, ngakhale kwa mphindi zochepa.

Mankhwala nawo amaonongeka ndi kutentha. Musawaike pawindo, ndipo werengani pa paketi kuti muone momwe ayenera kusungidwira.

Zizindikiro zofunika kuchitapo kanthu

Mutu, chizungulire, nseru, kufooka ndi thukuta lambiri zimasonyeza kuti thupi latopa ndi kutentha. Mtengereni munthuyo pamthunzi, mumasuleni zovala, mupukuteni ndi nsalu yonyowa ndipo amwe madzi pang'onopang'ono.

Akayamba kuyankhula zosamveka, kusokonezeka mutu, kukomoka kapena kugwa khunyu thupi lili moto, moyo wake uli pachiswe. Mthireni madzi ozizira, mukupizeni, ndipo thamangirani naye kuchipatala mukupitiriza kumuziziritsa m'njira. Munthu wokomoka musamumwetse chilichonse.

Mawa, dzuwa lisanapendeke, zungulirani nyumba yanu ndi kuona windo lomwe limawombedwa kwambiri. Mphasa yoyamba ipachikidwe pamenepo.