Mbale ya ana ili ndi malamulo ake

Ine ndinakulira ku Katete, ndipo pakhomo pa agogo anyamata tinkadya m'mbale imodzi. Nsima inkabwera mitanda ingapo, ndiwo m'kambale kamodzi, ife asanu titazungulira pamphasa. Malamulo a pambalepo sanalembedwe paliponse koma aliyense ankawadziwa. Samba m'manja. Usatose nyama agogo asanagawe. Wamkulu, kaya wakhuta kaya sanakhute, azinyamuka msanga kusiyira wamng'ono mbale. Msuweni wathu wina amene ndevu zinali zitayamba kumera ankamuthamangitsira kumbale ya amalume, chifukwa mbamu yake imodzi inali mbamu zathu zitatu.

Ndili mwana ndinkayesa kuti malamulowa anaikidwa kuti tiziopa. Ndazindikira nditakula kuti pafupifupi onse ankateteza kamwana kotsiriza kaja, ka dzanja laling'ono, kamene kankayamba kauzira nsima anzake atameza kale kawiri.

Mbale imeneyi ndinaikumbukira Loweruka lina la mwezi wa Okutobala kuno ku Highlands, dzuwa la Livingstone likuswa mtengo. Ndinaperekeza mwana wa mlongo wanga, wa zaka 10, kumpira wa ana a msinkhu wake. Anadzuka m'mamawa, nsapato atazitsuka dzulo lake. Masewera anayamba, anafika popuma, anatha, iye ali khale pambali pa bwalo ndi anzake awiri. Kochi sanamuyang'ane n'komwe, poti ankafuna zigoli. Pakati pa masewerawo bambo wina analowa m'bwalo kukalozaloza woimbira, mnyamata wasukulu wongodzipereka, n'kumutukwana mawu oti sindingawalembe pano. Ana onse anaima n'kumamvetsera. Pobwerera kunyumba mwana uja anandifunsa kuti, "Amalume, kodi ndinalakwa chiyani?" Sanalakwe kanthu. Tsiku limenelo onse amene anaphwanya mwambo anali anthu a ndevu zawo.

Chiyambire tsikulo ndakhala ndikuwerenga mmene ena amayendetsera masewera a ana, ndipo malamulo amene andigwira mtima kwambiri ndi a masewera oti kuno sitiwathamangira, a baseball. Amene munasewerapo rounders kusukulu simungasokonezeke nawo. Mmodzi amaponya kampira kolimba, wa timu inayo amakamenya ndi chibonga n'kuthamanga kuzungulira malo anayi. Akabwerera pomwe anayambira asanamutulutse, timu yake yapeza chigoli. Bungwe lalikulu la ana pa masewerawa ndi Little League, limene Carl Stotz analiyambitsa mu 1939 mumzinda wa Williamsport ku Pennsylvania, m'dziko la America, ndi matimu atatu okha. Lero lili m'mayiko ambirimbiri, kuphatikizapo Uganda. Mukawerenga buku lawo la malamulo mupeza agogo anga ali momwemo.

Lamulo loyamba limene ndikanakonda litafika pamabwalo athu ndi lakuti mwana aliyense amene wabwera ndipo dzina lake lili pamndandanda ayenera kusewera. Sikuti kochi akakomera mtima ayi. Mwanayo ayenera kupatsidwa mpata womenya mpira kamodzi kapena kuposerapo, ndiponso kukhala m'bwalo mpaka osewera a timu inayo atatulutsidwa kasanu ndi kamodzi, zomwe ndi zigawo ziwiri pa zigawo zisanu ndi chimodzi za masewera. Kochi akamumana, mwanayo ndiye amayamba masewera otsatira, n'kubwezeredwa nthawi yonse imene anam'bera. Chilango chimagwera kochiyo: koyamba kalata yomuchenjeza, kachiwiri amuimitsa masewera amodzi, kachitatu amuimitsa mpaka chaka cha masewera chitatha. Uku ndiye kugawa nyama kwa agogo. Akulu aja amene analemba lamuloli ankadziwa mtima wa munthu wofuna kupambana, kuti ukausiya wokha udzadyetsa ana amphamvu okhaokha. Komatu mwana wowonda wa zaka 10 sudziwa kuti pa zaka 16 adzakhala wotani. Ambiri amene amasiya mpira sasiya chifukwa chogonja, amasiya chifukwa chotopa ndi kukhala pambali.

Lamulo lachiwiri limakhudza thupi la mwana, ndipo apa ndichedwapo pang'ono chifukwa ndi pamene ife timalakwitsa tikuganiza kuti tikulimbitsa ana. Mayi aliyense amadziwa kuti mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri sumusenzetsa chigubu cha malita 20. Angathe kuchinyamula n'kufika nacho kunyumba, mwina akumwetulira kuti mumuyamikire, koma khosi ndi msana zidzakuuzani patsogolo. Amayamba ndi kandowa kakang'ono. Mu baseball katundu wolemera ndi kuponya. Mkono wa mwana uli ndi mafupa oti sanakhwime, makamaka pachigongono ndi paphewa, ndipo kuponya mwamphamvu mobwerezabwereza kumawawononga. Choncho kuyambira mu 2007 Little League inayamba kuwerenga mpira uliwonse umene mwana waponya. Wa zaka 7 kapena 8 sapitirira mipira 50 patsiku, wa zaka 9 kapena 10 mipira 75, wa zaka 11 kapena 12 mipira 85. Akaponya mipira 66 kapena kuposerapo, ayenera kupuma masiku anayi asanaponyenso. Akaponya pakati pa 51 ndi 65 apume masiku atatu, ndipo masikuwo amacheperachepera mpaka amene waponya mipira yosapitirira 20, yemwe angathe kuponyanso mawa lake. Pamakhala munthu wokhala ndi pepala, ntchito yake kuwerenga basi. Chiwerengero chikakwana, ngakhale mwanayo akhale katswiri, ngakhale timu ikhale pafupi kutenga chikho, amaloledwa kungomaliza ndi womenya amene ali patsogolo pakeyo n'kupereka mpira kwa mnzake.

Taonani amene lamuloli likumumanga manja. Mwana sangakane kuponya; mwana amafuna kusangalatsa kochi ndi bambo ake. Wofunika kumuletsa ndi wamkuluyo. Kuno kwathu katundu wolemera ndi wina: mipikisano ya tsiku limodzi imene ana amasewera masewera anayi kapena asanu kuyambira m'mawa mpaka madzulo, pabwalo la fumbi lopanda mthunzi, madzi akumwa ali m'chigubu chimodzi. Mwana akadandaula bondo timati walephera kupirira. Ligi ya ana ya ku Dambwa, ku Libuyu, ku Linda kapena kuno ku Highlands ingathe kulemba papepala limodzi kuti mwana asasewere masewera opitirira akutiakuti patsiku, kuti masana dzuwa likafika pamutu mpira uime, kuti pakati pa chigawo chilichonse ana amwe madzi. Zimenezi sizifuna ndalama za boma.

Tsopano za msuweni wa ndevu uja. Palibe bodza limene lazika mizu m'masewera a ana ngati bodza la zaka, ndipo si la ku Africa kokha. Mu 2001 mnyamata wina wobadwira ku Dominican Republic, Danny Almonte, anadabwitsa anthu pampikisano waukulu wa Little League ku Williamsport akuponyera timu ya ku Bronx, New York. Pa masewera ena palibe ndi mmodzi yemwe wa timu inayo amene anafika pamalo oyamba. Patapita masiku zinadziwika kuti anali ndi zaka 14, osati 12. Zonse zimene timuyo inapambana zinafufutidwa, ndipo amene analetsedwa kuyandikiranso bungweli ndi bambo ake ndi mkulu amene ankayendetsa ligiyo. Mu 2014 timu ya Jackie Robinson West ya ku Chicago inatenga ukatswiri wa dziko la America, koma mu Febuluwale 2015 inalandidwa chifukwa akuluakulu ake anasintha malire a dera lawo pamapu kuti atenge ana aluso a madera ena. Anawo anasewera ndi mtima wonse. Akale anati nkhuyu zodya ana zinapota akulu, koma apa zinatembenuka: anadya ndi akulu, m'mimba munapota ana.

Nkhani imene imandiwawa kwambiri ndi ya ku Uganda. Mu 2011 timu ya ana a ku Kampala inapambana m'chigawo chake ndipo ikanakhala timu yoyamba ya ku Africa kukasewera ku Williamsport. Sinapite. Akuluakulu a boma la America anakana kuwapatsa ma visa chifukwa masiku obadwa pamapepala a ana ena sankagwirizana. Chaka chotsatira, mu 2012, ana a ku Lugazi ndiwo anakafika. Nafenso a Zambia tinalawako manyazi amenewa mu 2016, pamene timu yathu ya anyamata osapitirira zaka 17 inachotsedwa mumpikisano wa COSAFA ku Mauritius, osewera awiri atapezeka kuti apitirira msinkhu powayeza mafupa a padzanja ndi makina a MRI.

Tinene zoona, nthawi zina si chinyengo. Ana ambiri kuno alibe chikalata cha kubadwa, ndipo chitupa cha NRC munthu amatenga atakwanitsa zaka 16. Koma pafupifupi mayi aliyense anasunga kadi ya kusikelo, ndipo kusukulu kuli kaundula. Ligi imene imafuna zinthu ziwirizi pa tsiku lolembetsa, n'kuzisunga, yatseka kale khomo lalikulu. Kochi amene amalowetsa mnyamata wa zaka 15 pakati pa a zaka 12 walanda malo a mwana wina, waika mafupa a ang'onowo pangozi, ndiponso waphunzitsa timu yonse kuti kunama kumalipira, popeza anawo amadziwana zaka kuposa ife.

Nanga mwana akalakwa yekha? Amalakwadi: amatukwana, amakankha mnzake dala, amaponya chibonga pansi mwaukali. Agogo ankati ukalimbana ndi mnzako pambale, unyamuke. Unkakhala pakhonde ukumva anzako akunyambita zala. Koma madzulo unkapeza mkute atakusungira, ndipo mawa lake unkakhalanso pamphasa pomwe paja. Sankakumana chakudya sabata yonse, sankakuthamangitsa pamudzi. Ku Little League n'chimodzimodzi: woimbira akakutulutsa, masewera amenewo atha kwa iwe ndipo otsatirawo susewera, kenako umabwerera. Lamuloli ndi limodzi kwa mwana ndi kwa kochi yemwe. Chilango chabwino chimadziwika mlandu usanachitike, chimafanana kwa katswiri ndi kwa wosadziwika, ndipo chimakhala ndi tsiku lothera. Chimene chimapha mwambo msanga ndi kukhululukira womwetsa zigoli pa mlandu umene mnzake anakhalira pambali sabata yatha. Ana amaona zimenezi msanga kuposa china chilichonse.

Mbama, mkwapulo, kugwaditsa mwana pamiyala dzuwa likutentha, zimenezi si mwambo ndipo masiku ano ndi mlandu. Lamulo la Children's Code Act la mu 2022 linaletsa kulanga mwana pomumenya m'dziko muno, ndipo pabwalo la mpira si kunja kwa Zambia. Palinso nkhani imene sitikonda kuitchula. Kuyambira mu 2003 Little League imafufuza mbiri ya wamkulu aliyense wodzipereka kugwira ntchito ndi ana, chaka ndi chaka, kuti amene anazunzapo ana asapeze polowera. Ife timangopereka ana kwa aliyense amene wabwera ndi mpira ndi wezulo. Makolo ali ndi ufulu wofunsa kuti kochiyu ndani, amakhala kuti, ndipo ana akamapita kukasewera ku Kazungula kapena ku Zimba, wamkulu wina wachiwiri amene akupita nawo ndani.

Ndibwerere kwa bambo analowa m'bwalo aja. M'malamulo a baseball ya ana, chimene woimbira waona ndi maso ake, kuti mwana wafika kapena sanafike, sichitsutsidwa. Ngati pali funso la mmene lamulo alitanthauzira, wofunsa ndi kochi wamkulu yekha. Owonerera akayamba chipongwe, woimbira ali ndi mphamvu yotulutsa ana onse m'bwalo n'kuimitsa masewera mpaka akuluakulu a ligi atathana nawo. Fodya ndi mowa siziloledwa m'bwalo kapena pamalo okhala osewera. Ma ligi ambiri amasainitsa makolo pepala la malonjezo asanalandire mwana. Ngakhale mumpira wathu wamiyendo, kuyambira mu 2019 woimbira angathe kuonetsa kochi kadi yachikasu kapena yofiira. Kwa agogo, mlendo kapena malume sankabwera kudzaima pamutu pa ana akudya n'kumakalipira wogawa nyama. Anali ndi mbale yake kwina. Woimbira wa masewera a ana nthawi zambiri ndi mwananso, wa munthu wina, wosalipidwa kapena wopatsidwa ya madzi akumwa basi. Adzalakwitsa, monga mmene ana akusewerawo akulakwitsira, popeza onse akuphunzira. Mukamutukwana lero, Loweruka likubwerali sabwera, ndipo popanda woimbira palibe mpira.

Mwana wa mlongo wanga sanasiye. Tinakalankhula ndi kochi uja modekha, makolo anayi, ndipo anavomera kuti mwana aliyense azilowako ngakhale kwa mphindi khumi ndi zisanu. Koma chimenecho ndi chifundo cha munthu mmodzi, ndipo akadzachoka chidzachoka naye. N'chifukwa chake ndikupempha inu amene mumayendetsa matimu a ana mu Livingstone muno, makochi, aphunzitsi a zamasewera, a mipingo ndi makolo: mpikisano wotsatira usanayambe, khalani pansi mulembe malamulo anu patsamba limodzi, m'Chinyanja, m'Chitonga ndi m'Chilozi. Muwawerenge mokweza pabwalo ana akumva, ndipo oyamba kusaina akhale akuluakulu.