AZIMAI A KUM'MAWA AMENE ANACONA KU HALALE

M'midzi yambiri ya ku Chipata, Katete, Chadiza ndi Petauke, pakakhala nkhani ya macona anthu amachula maina a amuna: atsibweni amene anapita ku Halale osabweranso, kapena ambuye amene anafera ku mgodi wa malasha ku Wankie. Koma m'njira yomweyo munapita azimai ambiri, ndipo adzukulu ao akali kutsidya kwa Zambezi kufikira lero.

Ulendo umenewu unayamba ndi msonkho. Angoni a Mpezeni atagonjetsedwa m'caka ca 1898, Boma la azungu linaika msonkho wa nyumba, ndipo ndalama zake zinali kupezeka ku migodi ndi m'mapulazi a ku Southern Rhodesia. Amuna anali kuyenda pansi masabata angapo, naoloka Zambezi pa Feira, pamene lero pachedwa Luangwa. M'zaka za m'ma 1930 Boma la kumeneko linayamba kunyamula anchito pa malole osalipira, amene anthu anawacha Ulere.

Mkazi sanali kufunidwa pa ulendowu. Boma linafuna kuti iye atsale pamudzi, alime ndi kulera ana, kuti mwamuna azikhala ndi cifukwa cobwerera. Mafumu anapatsidwa mphamvu zoletsa mkazi kucoka popanda kalata ya cilolezo, ndipo wogwidwa pa njira anali kubwezedwa. Komabe zaka zikapitapo popanda kalata kapena nsalu yocokera kwa mwamuna, mkazi anali kubereka mwana kumbuyo nalondola. Ena anathawa maukwati obvuta, ena anatsata alongo ao.

Atafika m'makomboni a migodi ndi mapulazi, ndiponso ku Mbare ndi Highfield mu mzinda wa Salisbury, ambiri a iwo sanalembedwe m'mabuku a anchito. Anali kupalira ndi kusankha fodya pa malipiro ocepa, kuphika mowa ndi kugulitsa ndiwo zamasamba. Koma nchito yao yaikulu inali yosalipidwa. Mtsikana akatha msinkhu m'komboni, panapezeka namkungwi womulanga monga kumudzi. Gule wamkulu, amene Ashona amamucha zvigure, akaturuka pa bwalo, oyimba ndi kuomba m'manja anali azimai. Pa maliro a munthu wopanda mbale, iwo ndiwo anagona m'nyumba ya siwa naphikira anthu. Ana anaphunzira Cishona posewera ndi anzao, koma Cinyanja anacimva pa mafuwa a amai ao.

Pa nkhani ya ukwati mpamene panaonekera kusiyana kwa miyambo. Kwa Acewa ndi Ansenga mwana ndi wa kucikazi, ndipo womuyang'anira ndi mtsibweni wake. Kwa Ashona mwana ndi wa kucimuna, natenga mutupo, ndiko kuti mfunda, wa atate wake. Tero mwamuna wacicewa akakwatira mkazi wacishona, akucikazi anali kunena kuti mwanayo ndi wa kwa atate ake, pamene kumudzi kwa atatewo anali kumuona ngati mwana wa eni. Koma mwana wa mkazi wacicewa anali ndi pofikira, pakuti mbumba imayenda ndi mkazi. Mai wotere, angakhale anacona, anali cingwe comangirira ana ake ku mudzi umene sanauonepo.

Cingweco cinayesedwa ndi ndale. M'masiku a Federation, kuyambira 1953 kufikira 1963, kuyenda kunali kosabvuta kwenikweni. Zambia italandira ufulu m'caka ca 1964, ndipo Ian Smith atapandukira Britain pa 11 November 1965, mtsinje wa Zambezi unasanduka malire a adani. Mu January 1973 malirewo anatsekedwa, ndipo azimai ambiri anamva za imfa ya makolo ao patapita miyezi.

Zimbabwe itadzilamulira m'caka ca 1980, mabanjawa anakhulupirira kuti akhazikika. Koma kuyambira m'caka ca 2000, pamene mapulazi a azungu analandidwa, anchito ambiri ocokera ku Zambia, Malawi ndi Mozambique anataya nchito pamodzi ndi nyumba, ndipo analibe mudzi wothawirako m'dzikomo. M'caka ca 2001 kunabwera lamulo lakuti yense wokhala ndi unzika wa dziko lina aukane m'miyezi 6 motsata malamulo a dziko linalo, ndipo a ofesi ya zitupa analigwiritsa nchito ngakhale pa anthu obadwira komweko amene makolo ao anacokera kunja. Ambiri analembedwa pa zitupa kuti ndi alendo, nalephera kubvota. Bvutoli linalemera kwambiri pa azimai, cifukwa ambiri analibe pepala lililonse, ndipo mai wopanda citupa sakhoza kutengera mwana wake kalata ya kubadwa. Mwanayo naye amakula wopanda pepala, nabala ana otero.

Zinthu zinayamba kusintha m'caka ca 2013, pamene malamulo atsopano a dziko la Zimbabwe anabvomereza kuti wobadwira m'dzikomo, amene kholo lake linali nzika ya dziko la m'bungwe la SADC ndipo iye akhala komweko, ndi nzika yobadwa. Malamulo omwewo anaika Cicewa pakati pa zinenero 16 zozindikiridwa ndi Boma. Ku Zambia nako, malamulo okonzedwa m'caka ca 2016 analola munthu kukhala nzika ya maiko awiri, ndipo wobadwira kunja ndi nzika ngati mmodzi wa makolo ake, kaya mai kaya tate, anali nzika pa nthawi ya kubadwa kwake.

Koma lamulo lifuna umboni, ndipo umboni wa azimai ameneŵa suli m'mabuku a Boma. Uli m'mitu ya nkhalamba za m'midzi, zimene zikumbuka kuti mwana wa uje anapita caka ca dzombe kapena ca njala. Nkhalambazo zikutha. Nkofunika kuti anyakwawa ndi eni mbumba alembe maina a alongo ao amene anacona, pamodzi ndi mfunda, mudzi ndi mfumu yao, kuti mdzukulu akadzafika kudzafunsa apeze womuyankha. Akuluakulu anati kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka.